Musanagule matayala, yang'anani manambala ali m'mbali mwake

Ndikuona kuti ambiri tikukopeka ndi malimu aakulu onyezimira, kenako n'kumadandaula kuti galimoto ikugwedeza msana pa dzenje lililonse. Maganizo anga ndi akuti amene akufuna kuyenda mofewa ayambe wayang'ana kutalika kwa khoma la tayala.

Pa tayala lolembedwa 195/65 R15, lomwe limapezeka pa ma Toyota Corolla ambiri, 195 ndi mulifupi mwake m'mamilimita, pamene 65 akutanthauza kuti khomalo ndi maperesenti 65 a mulifupimo, pafupifupi mamilimita 127, ndipo 15 wa pa R15 ndi kukula kwa limu m'mainchi. Mukaika 215/45 R17, lomwe ndi tayala la limu yokulirapo, khomalo limatsika kufika pa mamilimita 97, ndipo mphira ndi mpweya zoti zimeze mabampu zimachepa; n'chifukwa chake limu imapindika msanga mukagunda dzenje.

Mpweya nawonso musapope mongoyerekeza, chifukwa muyeso woyenera kawirikawiri umalembedwa pamphuthu ya chitseko cha dalaivala.

Pa matayala a kaunjika ndimakayika ndithu, popeza mphira umauma ukakalamba ngakhale mapanda akuoneka bwino. Manambala anayi omaliza pa chizindikiro choyamba ndi malembo akuti DOT, chomwe chimalembedwa m'mbali mwa tayala, amanena zaka zake: 2319 ndiye kuti linapangidwa sabata ya 23 m'chaka cha 2019.