Zithunzi 10 za ku Chongoni: mbali yanga ya nkhaniyi

Inde, amene ali pachithunzi chimene chikuzungulira m'mafoni chija, buluku lili m'mawondo, ndine. Musataye mayunitsi kundiimbira kuti mutsimikize. Kabudula wamkati wobiriwira uja ndi wanganso, ndipo inu amene mukuti ngobooka kumbuyo, dziwani kuti uja ndi mthunzi wa tsamba. Poti mchemwali wanga wamwaza kale nkhaniyi pagulu la WhatsApp la kubanja, ndipo ndamva kuti yafika mpaka kwa anzanga a ku bawo, bola muimve kwa mwiniwakene, chifukwa iyeyo akudumpha mfundo zikuluzikulu.

Kamerayo ndi Canon, ndinagula kwa mnyamata wina wochokera ku Joni. Pamwamba pake pali kagudumu kosankhira: kabokosi kobiriwira ka Auto, kenaka P, Tv, Av ndi M. Ndinaonera mavidiyo atatu pa YouTube mpaka bandulo kutha, ndipo onse ankagwirizana kuti Auto ndi ya ana, katswiri amajambula pa M. Pa M kamera siikuganizira chilichonse. Iweyo ndiye umaiuza kuti diso lake litseguke kukula bwanji, likhale chitsegukire kwa nthawi yotani, komanso ISO, amene mpaka lero ndimamudziwa ngati munthu wongopatsana naye moni panjira. Ndinaika pa M. Mumtima ndinati M ameneyu akuimira Madolo.

Tinanyamuka pa Dedza boma m'mawa, Khirisimasi itangopita, mvula itagwa usiku wonse. Maganizo opita ku Chentcherere, m'nkhalango ya Chongoni, anali a mchemwali wangayo. Iye ndi mphunzitsi, ndipo ngakhale pa holide sangayende ndi munthu osamuphunzitsa kanthu.

"Achimwene, mukudziwa kuti malo a zojambula za pamiyala m'dera lino alipo 127? Mukudziwa kuti a UNESCO anawaika m'kaundula wawo mu 2006?"

Ine ndinkangoti eee, diso lili pakamera, masuku akuphwanyika kunsi kwa nsapato. Mkati mwa kamera munali bii. Ndinamufotokozera modekha kuti vuto ndi ISO, kuti m'nkhalango kuwala kumachepa, kuti zinthu zimenezi zimafuna munthu wophunzira. Anandimvetsera mpaka kumapeto, ndiye anatambasula dzanja n'kuchotsa chivundikiro chakutsogolo kwa kamera ngati akuvundukula poto wa ndiwo. Sanayankhule kanthu. Anangochiika m'thumba langa la malaya n'kupapasapo kawiri.

Zotsatira sindichedwapo. Ndinajambula mbalame, inatuluka nthambi. Ndinajambula nyani, unatuluka utsi wokhala ndi mchira. Ndikakonza kamera pamthunzi wa misuku n'kutulukira padzuwa, chithunzi chinkangoti mbee ngati ufa woyera. Ndikakonza padzuwa n'kubwerera pamthunzi, bii ngati magetsi azima. Titafika paphangapo tinaona zojambulazo, zofiira zimene amati anajambula Akafula, mizere ndi timizeremizere tozungulira, ndi zoyera za makolo athu Achewa zopakidwa ndi dothi. Mchemwali wanga anayang'ana pamwala, anayang'ana pagalasi la kamera yanga, anayang'ananso pamwala.

"Anthu awa analibe batire, achimwene. Koma zawo zikuoneka mpaka lero."

Chipongwe chimenecho ndi chimene chinandikankhira ku tsoka. Ndinati tijambulitse limodzi, aone zimene foni yake singathe. Kamera ili ndi kawotchi kake: ukadina imadikira masekondi 10, ndipo ukafuna imajambula zithunzi zingapo motsatizana. Ndinasankha 10, kuti pasakhale chodandaula. Poti ndilibe miyendo itatu ija yoimikira kamera, ndinaikhazika pamwala, n'kugwada pansi kuti ndiyang'anemo bwino. Ndinagwada nthawi yaitali, chifukwa luso silifuna phuma. Iye anabwera, anati aone, anagwira kagudumu kaja n'kutembenuza pang'ono. Sindinalabadire. Kusalabadira kwachiwiri kunali kwa pamene ndinagwadapo.

Amene simunalumidwepo ndi linthumbu, mvetserani. Nyerere zina zikakukwera zimaluma pompo, mwaulemu, kuti udziwe uchokepo. Linthumbu ayi. Limakwera mwakachetechete ngati akuba. Limadutsa sokosi, limadutsa bondo, limagawana malo, awa kuno awa uko, kuchita ngati pali kapitawo wogawa ndime. Ndiye limadikira likhweru.

Ndinadina batani. Kamera inayamba kulira pi, pi, pi. Ndinathamanga, ndinaima pambali pa mchemwali wanga, dzanja paphewa lake, chifuwa patsogolo. Kulira kuja kutayamba kufulumira, likhweru linalira.

Chithunzi choyamba ndikumwetulira. N'chokongola, ndipo palibe amene wachitumiza kwa aliyense. Chachiwiri kumwetulira kulipo koma maso achoka, ali ngati a munthu amene wakumbukira kuti anasiya nyemba pamoto. Chachitatu mwendo wamanzere uli m'mwamba. Chachinayi miyendo yonse iwiri ili m'mwamba, ndipo pansi pa nsapato pakuoneka mpata woti mbuzi n'kudutsa. Amalume ataona chimenechi akuti anafunsa kuti ndinalowa liti gule osawauza.

Chachisanu ndikudzimenya mbama m'ntchafu ndi manja onse, pakamwa pali yasa. Mawu amene ndinkanena pamenepo kamera sinagwire, ndipo ndikuthokoza, chifukwa ndine msungichuma wa kwaya. Chachisanu ndi chimodzi ndikulimbana ndi lamba. Lamba ameneyu ndakhala naye zaka zinayi, amamasuka yekha m'minibasi, pamaliro, paliponse pamene sindikufuna. Tsiku limenelo anasankha kukhulupirika.

Chachisanu ndi chiwiri ndi chimene nonse muli nacho. Buluku lili m'mawondo. Nsapato imodzi ikuuluka pakona yakumanja, chingwe chake chikuoneka bwinobwino, ulusi uliwonse. Ine ndawerama, mutu uli pakati pa miyendo, ndikuyang'ana kamera chadodolido ngati ndikuifunsa kuti bwanji osasiya. Kumbuyo kwanga zojambula za makolo zili phee, ndipo kanyama koyera kamodzi kakuoneka ngati kakundiyang'ana. Mchemwali wanga, mwana wa mayi anga, amene ndinkamubereka kumsana popita kuchigayo, wakhala pansi, wagwira nthiti, misozi ili mbwee.

Zitatu zomaliza muli mwendo wokha, ukutuluka m'chithunzi.

Zimene kamera sinaone n'zakuti kuseri kwa mwalawo kunali amayi awiri ofuna bowa. Ndinagwa pakati pawo buluku lili m'manja. Wamkuluyo sanadzidzimuke n'komwe. Anatula dengu pansi n'kundiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi.

"Linthumbu, bambo?"

"Eya, mayi."

"Kunyumba tikanathira phulusa. Kuno vulani basi. Malayawonso. Ife tayang'ana uku."

Sanayang'ane uko. Wamng'onoyo ndiye ankandilozera: "Ina iyo pakhosi. Ina iyo yalowa." Zamitu ikuluikulu zija ukazikoka thupi limaduka, mutu n'kutsala chilumire, moti ndinkazizula imodziimodzi ngati minga. Atatha anandigulitsa bowa. Sindinanenerere mtengo. Munthu wopanda buluku sanenerera.

Tsopano mbali imene mchemwali wanga sakunena. Choyamba, malowo anasankha ndi iyeyo. Chachiwiri, iye anavala chitenje pamwamba pa diresi ndipo anaima pamwala, pamene ine ndinagwada pansi chifukwa cha ntchito, kutumikira banja. Komanso anthu akuti zithunzi zokhazo zooneka bwino tsiku lonse ndi 10 zimenezi chifukwa iye anatembenuzira kagudumu pa Auto. Chabwino, anatembenuza. Koma anasankha mwala woikapo kamera ndani? Analoza kamera kuti phanga lonse lilowe, kuwala kuchokere kumbali, munthu akhale pakatikati, ndani? Yang'ananinso chachisanu ndi chiwiricho, muiwale kaye kabudulayo. Chili ndi dongosolo. Mnzanga wina wojambula maukwati ku Lilongwe wandiuza kuti kugwira nsapato ili m'malere chotero si masewera, ngakhale ankanena akuseka ndiye sindikudziwa.

Khadi ya kamera mchemwali wangayo anaitulutsa tili pa kabaza pobwerera, ine ndili kalikiliki kudzikanda. Pofika kunyumba n'kuti azakhali a ku Ntcheu ataimba kale kawiri, kufunsa ngati ndili bwino komanso ngati kabudulayo ndilibe wina.

Amene mwandipanga sitika, ndakuonani. Bowa uja anali wokoma, tinadyera nsima madzulo omwewo, ine nditaimirira. Chivundikiro cha kamera chinagwa pamene ndinkavula malaya, ndiye ngati wina akupita ku Chentcherere, chili chakumanzere kwa mwala waukulu, koma ayang'ane pansi asanawerame.