Kusankha chivindikiro chokulunga cha pikapu yoyenda m'misewu ya Kasungu

Ndisanafunse mtengo, ndimayamba ndalemba katundu amene pikapu imanyamula chaka chonse, chifukwa chivindikiro chokulunga chimalanda malo. Ogulitsa amachitchula kuti roller shutter kapena roll top. Chimatsetsereka m'tinjanji tiwiri ta m'mbali mwa bodi n'kukadzikulunga m'bokosi limene limakhala kuseri kwa kabini, ngati zitseko zokulunga za m'mashopu a pa boma. Bodi ya double cab (pikapu ya zitseko zinayi), kaya ndi Hilux, Ranger kapena D-Max, ndi yotalika pafupifupi mita ndi theka, ndipo kuya kwake kuli cha m'ma theka la mita. Bokosi lija limadya masentimita 25 mpaka 30 a kutalikako ndipo limakhala pomwepo ngakhale mutatsegula chivindikiro chonse. Pansi pake mutha kulowetsa mapaipi kapena matabwa, koma diramu la malita 200, jenereta yaikulu kapena njinga yamoto zimayambira pamene bokosi lathera.

Ngati galimoto imanyamula mabelo a fodya kupita ku Chinkhoma, kapena matumba a soya ndi mtedza osanjikizana mpaka kupitirira kabini, ndimalekera pomwepa. Tenti, zingwe ndi zitsulo za m'mbali ndi zomwe zimagwira ntchito imeneyo. Chivindikiro chokulunga chimayenera munthu wonyamula zida za ntchito, makatoni a ku shopu, zikwama za paulendo ndi matumba ochepa a makilogalamu 50 ogoneka, amene akufuna kusiya galimoto pamsika n'kupeza katundu ali momwemo.

Kenako ndimatsimikiza kuti galimoto ndi iti kwenikweni. Kungonena kuti "Hilux" sikukwanira. Hilux ya Vigo, ya 2005 mpaka 2015, ili ndi bodi yosiyana ndi imene inabwera pambuyo pake, ndipo Ranger yakale ya T6 si imodzi ndi yatsopano ya 2022. Chaka chokha chimanamizanso: D-Max yatsopano inatuluka ku Thailand mu 2019, koma ku South Africa anayamba kuipanga mu 2022, choncho magalimoto awiri olembedwa chaka chimodzi m'blue book akhoza kukhala ndi mabodi osiyana. Pa Hilux ndimayang'ananso ngati bodi ili ndi ngowe zomangirapo zingwe kunja kwake ndi zotsekera ziwiri m'mbali mwa chitseko cha kumbuyo. Imeneyo amaitcha J-deck. Yosalala, ya chogwirira chimodzi pakati, ndi A-deck, ndipo zivindikiro zambiri zimapangidwira yosalalayo. Ndimatumizira wogulitsa nambala ya chasisi pamodzi ndi zithunzi za bodi kuchokera pamwamba ndi kumbuyo.

Tepi ndimaigwira ndekha. Ndimayeza m'kati mwa bodi, kumtunda, kuchokera kukhoma la kutsogolo mpaka kuchitseko chili chotseka. M'lifupi ndimayeza malo atatu: kutsogolo, pakati ndi kumbuyo. Ndimamaliza ndi kuyeza mopingasa, ngodya ya kutsogolo kumanzere mpaka ya kumbuyo kumanja, kenako inayo. Pikapu imene inagwirapo ntchito ya matola kapena kunyamula njerwa imakhala itatanuka kumbuyo, makoma ake atapendekera kunja. Kusiyana kwa mamilimita ochepa kumakonzeka ndi timapepala tachitsulo toika kuseri kwa njanji. Kukafika sentimita kapena kuposa, bodi iyambe yapita kwa owongola, apo ayi chivindikiro chizidzakakamira pakati penipeni kapena kutuluka m'njanji.

Zimene zili kale pabodi zimasokonezanso. Pulasitiki yoyala m'kati ikakhala yokwera mpaka pamwamba pa makoma, makilampu omangira njanji kubodi sapeza chitsulo choti agwire, ndiye imafunika kudula kapena kusintha ndi yolowa pansi pa mlomo wa bodi. Bodi yopopera labala ilibe vuto limeneli. Chitsulo cha sports bar, choimirira kuseri kwa kabini, chimakhala pamalo omwe njanji ziyenera kudutsa. Zivindikiro zina zimabwera ndi timiyendo tokwezera chitsulocho pamwamba pa njanji, zina ayi. Funsani musanalipire.

Tsopano chopangira. Zilipo za nsalu ya vinilo yokulunga ndi manja, za pulasitiki yolimba ya polycarbonate, ndi za timapulanga ta aluminiyamu tolumikizana. Ya nsalu ndi yotsika mtengo ndipo sidya malo ambiri, koma mpeni umodzi waitsegula, ndipo dzuwa la mu Okutobala limaiumitsa mpaka kung'ambika m'misoko. Ine ndimasankha aluminiyamu, ndipo ndimayang'ana polumikizira timapulangato: pazikhala labala pakati pa kapulanga kalikonse, kapena nsalu yomatidwa pamwamba ponse. Mayina ofufuza ndi monga Securi-Lid ya ku South Africa, Mountain Top ya ku Denmark, ndi Roll-N-Lock kapena Retrax za ku America. Za ku America zambiri zimapangidwira magalimoto a kwawoko, amene mabodi awo amayezedwa m'mafiti, choncho onetsetsani kuti nambala ya katunduyo ikutchula galimoto yanu. Zopanda dzina zochokera ku China ziliponso, zina n'zabwino ndithu, koma funso langa kwa wogulitsa limakhala limodzi: loko ikathyoka, kapena sipuling'i ya m'bokosi ikafooka, ina ndikaipeza kuti?

Chivindikiro cha magetsi chimasangalatsa kuona chikutseguka ndi rimoti. Kuno sindichilimbikitsa. Mota yake imalimbana ndi mchenga wa m'njanji tsiku lililonse, imadalira batire ya galimoto, ndipo ikafa muli ku Santhe kapena ku Chulu katundu amatsekeredwa m'kati pokhapokha mukudziwa pomasulira pake pa manja. Chokoka ndi lamba chili ndi zinthu zochepa zoti ziwonongeke. Ndimangoonetsetsa kuti chimatha kuima ndi kugwira pamalo angapo, osati potseka ndi potsegula pokha, kuti katundu wamtali akhale kumbuyo kwinaku kutsogolo kuli kovindikira.

Ambiri amagula poopa mvula, koma fumbi ndi lomwe limawakhumudwitsa. Galimoto ikamathamanga pamsewu wa dothi, mpweya wa kumbuyo umazungulira n'kukokera fumbi m'bodi kudzera m'mipata ya chitseko cha kumbuyo, pansi ndi m'mbali monse. Chivindikiro chikatseka pamwamba, fumbilo limasowa potulukira n'kukhazikika pakatundu. Kuyambira Juni mpaka mvula yoyamba, mutayenda kuchokera pa Kasungu boma kulowera ku Lifupa m'nkhalango ya Kasungu National Park, zikwama mukazipeza zafiira. Mankhwala ake ndi labala yomata kuzungulira chitseko cha kumbuyo, imene nthawi zambiri imagulitsidwa payokha, komanso kutseka mabowo a m'makona a kutsogolo kwa bodi. Ndimaitanitsa labalayi nthawi imodzi ndi chivindikiro.

Madzi nawo ali ndi njira yake. Mvula yogwa pamwamba imayenderera m'njanji n'kukagwera m'bokosi, ndipo bokosilo limakhala ndi mapaipi otulutsira madzi pansi pa galimoto. Paipi ikapindika kapena kutsekeka ndi masamba ndi mankhusu a chimanga, bokosi limadzaza n'kusefukira m'bodi. Ngakhale zonse zili bwino, madontho amalowabe m'makona pamvula yamkuntho ya mu Januwale, ndiye ufa, simenti ndi mapepala ndimaziika pa kapaleti kapena m'bokosi la pulasitiki.

Pa chitetezo, loko ya chivindikiro ilibe phindu ngati chitseko cha kumbuyo chilibe yake. Mapikapu ambiri akale chitsekocho chimatseguka ndi dzanja basi. Ndimafunsa ngati chivindikirocho chimagwira chitseko chikatsekedwa. Ngati sichigwira, loko ya chitseko imalowa m'bajeti.

Chivindikirochi chimabwera m'katoni yaitali yolemera makilogalamu 30 kapena kuposa. Kaya mwagula ku Lilongwe, kaya mwaitanitsa ku Johannesburg kapena ku Lusaka kudzera pa Mwami, werengerani ndalama yonyamulira ndi msonkho wa MRA musanayerekeze mitengo. Katoni ndimaitsegula wonyamula ali pomwepo. Ndimaika njanji iliyonse pansi posalala kuona ngati sinapindike, kenako ndimawerenga makilampu, mabawuti, mapaipi, labala ya kutsogolo, makiyi ndi kabuku ka malangizo.

Kumanga kumafuna anthu awiri. Ndimatsuka makoma a bodi, n'kumata labala pakhoma la kutsogolo, pomwe bokosi lidzatsamire. Bokosi limakhala pakati ndendende, njanji zimalumikizidwa kubokosi, makilampu n'kumangidwa mosalimbitsa kaye. Apa ndi pofunika kudekha. Ndimayeza mpata wa pakati pa njanji ziwiri kutsogolo ndi kumbuyo mpaka manambala afanane, ndimatseka chitseko cha kumbuyo kuona ngati mapeto a njanji sakuchigunda, ndipo ndimakoka chivindikiro kangapo chisanalimbitsidwe. Chikayenda popanda kukakamira, ndimalimbitsa makilampu mosinthana, kumanzere kenako kumanja, osapanikiza mpaka aluminiyamu kufwamphuka. Mapaipi ndimawadutsitsa m'mabowo amene bodi inabwera nawo. Pakafunika kuboola latsopano, ndimayamba ndasuzumira pansi kuona thanki ya mafuta ndi mawaya, ndipo m'mphepete mwa bowolo ndimapaka penti kuti lisachite dzimbiri. Pomaliza ndimathira ndowa ya madzi pamwamba n'kuona ngati akutuluka m'mapaipi onse. Wowotcherera asayandikire: njanji zowotchereredwa sizisunthikanso zikafuna kuwongola.

Misewu ya mabampu imamasula makilampu, ndiye pakatha sabata yoyamba ndimabwerezanso ndi sipanala, kenako kamodzi pamwezi. Girizi ndi oyilo wa injini siziloledwa m'njanji; zimagwira mchenga n'kusanduka phala lodya mawilo ndi labala. Burashi ndi madzi zimakwanira, ndipo ngati kabuku kakulola, kupopera silikoni youma pang'ono. Feteleza wotayika ndimamusesa tsiku lomwelo chifukwa amadya aluminiyamu ndi chitsulo chomwe. Kulemera kumene wopanga amalemba kuti chivindikiro chingasenze ndi kwa katundu woyalidwa ponseponse, osati munthu wokhala pamalo amodzi, choncho opempha lifiti asakhalepo. Ofuna kunyamula makwerero kapena malata pamwamba asankhe njanji zokhala ndi mpata wa T-slot, womangirapo zitsulo zopingasa, kuti kulemera kupite kumakoma a bodi.