Korona inatseka mabala ndi masukulu, koma bulu anali kudyabe

Kuno ku Chipata ukayamba nkhani ya mahatchi anthu amakuseka, ati nanga iwe hatchi unaiona kuti, pa TV? Ndipo sakunama ayi, ambiri a ife hatchi tinaionera ku Lusaka pa shoo ya zaulimi kapena apolisi atakwerapo pa pelete. Kum'mawa kuno hatchi siikhalitsa, kuchigwa cha Luangwa kuli kashembe amene amapatsa ziweto matenda oondetsa aja, ndiye palinso matenda a mahatchi obwera ndi tizilombo touluka tating'ono kwambiri toluma madzulo nthawi ya dzinja, amene amapha hatchi masiku ochepa chabe pamene bulu nthawi zambiri amapirira. Ife zathu ndi ng'ombe za pa goli ndi abulu a pa chikochikale. Koma nkhani ya mmene eni mahatchi kunja anathandizidwira nthawi ya korona ndimaitsata, chifukwa vuto lao ndi la amalume anga a abulu linali limodzimodzi: bizinesi yaima koma chiweto chikufuna kudya m'mawa uliwonse.

Ku Britain mipikisano ya mahatchi inaima pa 18 Malichi 2020 mpaka pa 1 Juni, ndipo itayambanso munalibe oonerera m'bwalo. Grand National, mpikisano wao wotchuka uja, chaka chimenecho sunachitike. Boma lao linali kulipira 80 peresenti ya malipiro a wantchito amene wakhala panyumba, mpaka mapaundi 2,500 pamwezi, zomwe zinathandiza mashopu ndi maresitilanti, koma kwa mwini sukulu yophunzitsa kukwera hatchi zinali zovutabe chifukwa lamulo linali lakuti wantchito amene boma likumulipira asagwire ntchito, nanga akakhala panyumba onse adzapala ndowe m'khola ndani, adzamwetsa ndani? Hatchi ya makilo 500 imadya pafupifupi makilo 10 a udzu patsiku, zikhadabo zimafuna kusengedwa pakapita masabata 6 kapena 8, kaya kasitomala wabwera kaya sanabwere. Ndiye mabungwe monga British Horse Society anatsegula thumba lothandiza masukulu amenewo kusamalira mahatchi. Ku South Africa kampani yaikulu yoyendetsa mipikisano, Phumelela, inagwa mu Meyi 2020 mpaka kulowa m'manja mwa oipulumutsa. Ku Marrakech ku Morocco, kumene mahatchi amakoka ngolo za alendo oona malo, alendo atasiya kubwera bungwe losamalira ziweto zogwira ntchito la SPANA linayamba kugawa chakudya cha mahatchiwo mwachindunji, osati ndalama, matumba enieni a chakudya. Ichi cha ku Marrakech ndicho chimandikhudza kwambiri chifukwa anthu akewo ali ngati athu omwe, ndalama ya lero ndiyo nsima ya lero.

Manje tiyeni tibwere kwathu ku Zambia. Odwala awiri oyamba analengezedwa pa 18 Malichi 2020, masukulu anatsekedwa pa 20, ndipo pa 25 a Pulezidenti Edgar Lungu analankhula kuti mabala, makasino ndi majimu atsekedwe, misonkhano isapitirire anthu 50, ndege zochokera kunja zizitera pa bwalo la ndege la Kenneth Kaunda ku Lusaka pokha, kutanthauza kuti Mfuwe, kofikira odzaona nyama za ku Luangwa, yatsekeredwa alendo. Lokidauni yeniyeni yokhala m'nyumba ngati ku South Africa sitinakhale nayo, ndiye anthu ambiri amaganiza kuti wa ngolo sanakhudzidwe, pajatu palibe wapolisi anamuletsa kumanga bulu. Zoona sanamuletse. Koma anali kunyamulira ndani?

Amalume anga amakhala kumudzi cha njira ya ku Chadiza ndipo anali ndi abulu anayi. Ntchito yao yaikulu inali nkhuni za ku sukulu ya boding'i ina, mchenga ndi njerwa za omanga nyumba, kenako nkhuni za azimayi ofulula mowa, nthawi yokolola chimanga ndi soya kupita nazo pa depoti. Sukulu itatsekedwa kichini inazima. Omanga ambiri anali anthu a timabala, aphunzitsi a masukulu apulaiveti, anyamata ogwira m'maloji ku Mfuwe amene anabwezedwa kunyumba, ndi aja ogula zinthu kudutsa pa boda ya Mwami, onsewo anaimitsa zomanga pa windo levulo. Makalasi a mayeso anatsegula pa 1 Juni koma ana ochepa sadya nkhuni zambiri, ena onse anabwerera mu Seputembala. Kulamba ya ku Mkaika mu Ogasiti, imene imapatsa ganyu anthu a ngolo ambiri cha ku Katete, chaka chimenecho sinachitike.

Miyezi yoyamba sizinaoneke. Malichi, Epulo, Meyi udzu uli mbwee, madambo ali ndi madzi, bulu osagwira ntchito ndiye akunenepa kumene, amalume mpaka anali kuseka ati korona yabweretsera abulu holide. Vuto linafika mu Ogasiti mpaka Novembala, tchire litapsa ndi moto wa osaka mbewa, mitsinje itauma, nthawi imene zaka zonse iwo amagula gaga kuchigayo ndi ndalama ya nkhuni ija. Chaka chimenecho ndalamayo kunalibe, ndipo gaga anali kulimbirana ndi a nkhumba ndi a nkhuku.

Nditapita kukawaona mu Okutobala ndinapeza bulu wamkazi wamkulu uja nthiti zikuwerengeka, pakhosi pali chilonda chachikulu ngati chikhatho pamene goli limakhala, atapakapo oilo wakutha wa injini kuti ntchentche zisatere, fumbi litamatirira pamwamba pake mpaka kupanga chikhungwa chakuda, ukakhudza pafupi bulu akugwedeza khungu lonse. Goli lija ndi la ng'ombe, linapangidwira linunda, bulu alibe linunda ndipo mphamvu yake ili pachifuwa, ndiye akakhala wonenepa mnofu umamutchinjirizako pang'ono koma akaonda mtengo umadya pafupa. Ndipo popeza ganyu inali yosowa, ikapezeka imodzi amalume anali kudzaza ngolo kupitirira kuti atenge ulendo umodzi m'malo mwa iwiri. Sindikuwaweruza. Pakhomo panali adzukulu obwera kuchokera ku Lusaka makolo ao ntchito zitaima.

Tsono thandizo la boma. Mu Epulo 2020 Bank of Zambia inalengeza thumba la K10 biliyoni lothandiza mabizinesi, ndipo pa wailesi zinali kumveka bwino kwambiri, ulimi unali m'gulu la zoyamba kuganiziridwa. Koma ndalamazo zinali kudzera m'mabanki ndi makampani obwereketsa, ndiye kuti ufikeko uyenera kukhala munthu amene banki imamudziwa kale. Ndinaperekeza amalume ku banki ina mtauni muno, atavala jekete yao ya kutchalitchi ndi masiki yosokedwa ya chitenje. Mtsikana wa pa desiki anali waulemu ndithu.

"Bambo, bizinesi yanu inalembetsedwa ku PACRA?"

"Ayi mayi, ndi ngolo chabe."

"Nanga TPIN, nambala ya msonkho ija, muli nayo? Siteti menti ya miyezi ingapo? Chikole?"

"Chikole ndiye abulu omwewo."

Mtsikanayo anamwetulira m'maso, anati pepani bambo zimenezo sitilandira. Potuluka amalume anangoti "mphwanga, tiye tikagule mchere tizipita." Ndipo kunena zoona ngakhale akanapatsidwa, nkhongole ya chiwongoladzanja pa nthawi imene sudziwa kuti kasitomala abwera liti si thandizo, ndi msampha. Panalinso ndalama zadzidzidzi za korona zimene boma ndi mabungwe a UN anali kupereka kwa mabanja ovutikitsitsa, zabwino ndithu, koma mwamuna wa ngolo ndi abulu anayi pamudzi amaonedwa ngati wopata, palibe angamulembe dzina pamene pafupi pali gogo wolera ana amasiye. Ndiye anthu awa anagwera pakati, ku banki ndi ochepa kwambiri, ku sosho welofeya ndi olemera kwambiri.

Kwacha nayo inachita zake. Kumayambiriro a 2020 dola inali cha pa K14, pofika Disembala inapitirira K21, mu Novembala dziko linalephera kulipira nkhongole yake ya kunja ya Eurobond. Mankhwala a ziweto pafupifupi onse amachokera kunja, ndiye wa njoka za m'mimba, wa nkhupakupa, sipule ya zilonda, zonse zinakwera m'ma agro shopu. Apa ndi pamene anthu amayamba kupempha zotsala kwa neba wa ng'ombe, ndipo ndikupempheni muwerenge lebo musanathire. Dipi imene ili ndi amitraz ndi yabwino pa ng'ombe koma pa hatchi ndi bulu imaumitsa m'mimba mpaka kupha. Jekiseni wachikasu uja wa matenda a kashembe amene timabaya ng'ombe nayenso amatha kuzunguza bulu mutu. Fidi ya nkhuku ndi ya ng'ombe ina imakhala ndi monensin, poizoni weniweni kwa hatchi. Ngakhale gaga yemweyo, akachita nkhungu kapena mukamupatsa wambiri mwadzidzidzi, m'mimba mumatupa. Ndipo bulu akangosiya kudya musadikire mawa, iye saonetsa ululu ngati ng'ombe, amangoima zyoli, mukamazindikira zapita patali.

Paja mu 2021 kunabukanso za ivermectin, mankhwala a njoka za m'mimba, anthu ku South Africa ndi ku America kugula wa ziweto nkumamwa okha ati amachiza korona, mpaka bungwe loona za mankhwala ku America, FDA, linalemba pa Twitter kukumbutsa anthu kuti iwo si mahatchi. Ine ndinaseka koma mopweteka, kwina anthu akumwa mankhwala a hatchi, kuno bulu akusowa womugulira.

Chimene chinapulumutsa abulu a amalume si pulogalamu ina iliyonse. Mwini chigayo wa pa siteji anavomera kuwapatsa gaga pa ngongole, iwo nkumamutungira madzi ndi kumunyamulira dizilo. Azakhali, akazi ao, anatenga kandalama ku vileji banki ya azimayi nkugula mankhwala a njoka. Ndipo dokotala wa ziweto wa kampu yao, ndiye kuti dera lao, mnyamata woyenda pa honda yoti mafuta amathira a m'thumba mwake, ndiye anachapa chilonda chija ndi madzi a mchere, nkuwauza kuti oilo asiye, buluyo apume mpaka pauma, kenako anawaonetsa kupanga lamba wa pachifuwa ndi belti yakutha ya chigayo yokulunga nsanza zofewa. Palibe fomu inalembedwa. Koma ngakhale ndi zonsezo abulu awiri anagulitsidwa mu Disembala, fetelaiza ndi fizi ya Januwale zitafika limodzi, ndipo anagulitsa motchipa chifukwa aliyense anali kugulitsa.

Kugulitsa bulu sikuli ngati kugulitsa mbuzi. Bulu amatenga bere pafupifupi miyezi 12, mwana mmodzi, ndipo mwanayo safunika kumangidwa pa ngolo asanafike zaka zitatu kapena zinayi mafupa asanakhwime. Ndiye munthu amene wataya wamkazi wataya zaka zambiri, osati sizoni imodzi. Kuonjezera apo pali msika wa zikopa za abulu zopita ku China kukapanga mankhwala otchedwa ejiao, umene wachepetsa abulu m'maiko ambiri a mu Africa mpaka African Union inagwirizana mu Febuluwale 2024 kuletsa kupha abulu chifukwa cha zikopa. Bulu wogulitsidwa nthawi ya njala sudziwa ngati akukakoka ngolo kwina kapena akukasendedwa.

Maganizo anga ndi awa, ndipo ena mukana. Pa nthawi ngati ija mwini chiweto chogwira ntchito safuna loni, safunanso wekishopu ya ku loji ndi ma alawansi. Afuna matumba angapo a gaga kapena keke ya sanifulawa kuyambira Ogasiti mpaka mvula itagwa, mankhwala a njoka, ndi mafuta mu honda ya dokotala wa kampu kuti afike kumudzi. Sanifulawa ndi thonje timalima tokha kuno kum'mawa, keke siyochokera ku Dubai. Njira yofikira anthu iliponso kale, pulogalamu ya boma ya fetelaiza ndi mbeu ya FISP imadutsa m'makopaletivu, mafumu amadziwa khola lililonse pamudzi pao, a veti ali ndi makampu. Chosowa ndi chakuti bulu salembedwa m'maganizo mwa okonza mapulani. Akati ziweto amatanthauza ng'ombe, mbuzi, nkhumba, nkhuku, zinthu zodyedwa kapena zogulitsidwa, pamene amene amanyamula chimanga kuchoka kumunda, madzi a pa saiti, ngakhale mayi wodwala usiku kupita naye ku kiliniki kumene ambulansi siifika, samawerengedwa ngati gawo la chuma.

Ndipo ife eni ake tilinso ndi mbali yathu, ndisaname. Mapesi timangowasiya m'munda ng'ombe za aliyense zipondereze, masamba a nshawa tikatha kuthothola timatentha, chonsecho ndi chakudya chabwino kwambiri cha bulu ngati waumitsa pamthunzi nkusunga pamwamba posafika chiswe. Amalume kuyambira 2021 anamanga kathandala kumbuyo kwa khola, Meyi ndi Juni adzukulu amatuta mapesi ndi masamba a nshawa, ndipo ngolo ikamabwerera yopanda katundu kuchoka ku depoti amadutsira m'minda ya anzao kupempha zotsalira, ena amawapatsa ulere ena amati mudzatinyamulire manyowa. Abulu awiri aja sanawabwezeretsebe, mtengo wake lero ndi wina, ndiye pa ngolo amamanga wamkazi wa chipsera pakhosi uja ndi mwana wake amene wangoyamba kumene kuzolowera lamba.