Lachitatu ku Chembe: sitata yongoti "tcha"

Ndinadzuka kusanache, asodzi a usipa akungofika kumene pagombe nyali zawo zitazima. Mwera unkamveka kuseri kwa mapiri, koma kuno ku Chembe timabisalika, moti madzi anali bata. Ndinapalasa kabwato kupita pomwe timamanga boti la thanga la a bwana anga, nditanyamula mita yoyezera magetsi, masipanala, sandipepa ndi tiyi wa m'fulasiki. Mumtima ndinali nditatsimikiza kuti sindibwerera kumtunda ndisanadziwe chomwe chikuvuta.

Vutoli latha miyezi iwiri. Ukatembenuza kiyi n'kudina batani, nthawi zina injini imalira pompo. Nthawi zina umangomva kuti tcha! kunsi kwa masitepe komwe kuli injini, kenako zii. Ukadinanso kawiri katatu imadzuka bwinobwino, ndiye umaiwala. Ndinayamba kuzizolowera, mpaka Loweruka lapitali. Tinkachokera ku Monkey Bay ndi ana awiri a eni boti, ndipo titalowa pa Ilala Gap, pampata wopapatiza uja wa pakati pa chilumba cha Domwe ndi kumtunda, phiri linatitchingira mphepo. Thanga linangoti lende, mafunde otsalira akutikankhira kumiyala pang'onopang'ono. Ndinadina batani: tcha. Ndinadinanso: tcha. Inadzalira kachisanu, miyala ndikuiona pansi pa madzi ndi mbuna zake zomwe. Anawo sanadziwe kanthu, ankangoseka, koma ine miyendo inanjenjemera mpaka kufika kuno. Boti la thanga limayenda masiku ambiri osafuna injini, ndipo ikafunika imafunika mphindi yomweyo.

Eni boti ali ku Blantyre. Nditawafotokozera pafoni anati tiitanitse sitata yatsopano (mota yomwe imazungulitsa injini kuti ilire) ku Johannesburg, nkhani ithe. Ndinawapempha kuti andipatse tsiku limodzi. Kugula chitsulo chodula chonchija, kudikira masabata, kenako n'kumvanso tcha yemweyo, zikanandipweteka kwambiri.

Injini yake ndi Yanmar 1GM10, ya dizilo, ya silinda imodzi, mahosipawa pafupifupi 9. Ndisanagwire chilichonse ndinaonetsetsa kuti giya ili pa nyutulo, ndinakoka kachingwe kozimitsira kuti injini izingozungulira osalira, n'kutseka mpopi wolowetsa madzi oziziritsa. Mpopi umenewu ambiri amauiwala. Injini iyi imaziziritsidwa ndi madzi a m'nyanja momwemu, ndipo ukamaizungulitsa kambirimbiri osalira, pampu imapitirizabe kuthira madzi mu ekizozi popanda utsi wowakankhira kunja. Akadzaza amabwerera mpaka mu silinda, ndipo pamenepo wawononga injini yonse chifukwa cha vuto laling'ono.

Ndinayambira pa batire. Ili phee inaonetsa mavoliti 12.6, kutanthauza kuti sola ikuidzaza bwino. Nditadina batani sitata n'kuzungulira, inatsika kufika 10.8, zomwe sizodetsa nkhawa. Koma pomwe inangoti tcha, manambala sanasunthe kwenikweni, anangofika 12.4. Apa ndinaima kaye. Sitata ikamagwira ntchito imakoka magetsi ochuluka, maampu opitirira 100, ndipo batire imaonetsa kuti yalemedwa. Ngati sikulemedwa, ndiye kuti magetsiwo sakufika n'komwe ku mota. Mitu ya batire ndinaikwechabe mpaka kuwala, pamodzi ndi waya wa earth pomwe wamangidwa pathupi la injini, koma tcha sanachoke.

Cha m'ma 9 koloko amalume anafika pa bwato lawo. Anagwira ntchito ya injini za sitima ku Monkey Bay zaka zambiri, ndipo masiku ano maso ayamba kuwavuta, koma makutu ndi zala zidakali zakuthwa. Ndinawauza zoti a bwana akufuna sitata yatsopano.

"Usamange munthu usanamuzenge mlandu," anatero. "Tenga sikuludilaiva ya chigwiriro cha pulasitiki. Vula wotchiyo."

Pamwamba pa sitata pamakhala solenoid, kachitini kokhala ndi bawuti yaikulu pomwe pamafikira chingwe chochokera ku batire, ndi kalilime kakang'ono pomwe pamalowa waya woonda woyera wochokera ku batani. Anandiuza kuti ndilumikize ziwirizi ndi nsonga ya sikuludilaiva. Moto unathetheka pang'ono, sitata n'kuzungulira mwamphamvu. Anati ndibwereze. Ndinabwereza kakhumi, ndikupumira pakati kuti isatenthe, ndipo kakhumi konseko inazungulira osajejema. Amalume anangogwedeza mutu: "Ameneyu alibe mlandu. Mabulashi opatsira magetsi mkati mwa sitata akanakhala otha, akanakukanira ngakhale kamodzi. Wakuba ali m'njira."

Apa m'pomwe ndaphunzira chinthu chomwe sindidzaiwala. Ndinasolola waya woyera uja pa kalilime, n'kuuyeza amalume akudina batani pamwamba paja: 12.5. Ndinawakuwira kuti waya ali bwino. Anati, "Ubwezere pamalo pake, uyeze uli pantchito." Ndinaubwezera, ndinagona chammbali pansi pa masitepe, phewa litatsamira pa injini yozizira, tochi ili kukamwa, nsonga ya mita ndikuikanikiza pa kalilime. "Dinani, amalume!" Tcha. Mita inaonetsa 8.7. Anadinanso, 8.9, tcha. Kachitatu inakwera kupitirira 10 ndipo sitata inazungulira.

Amalume anandifotokozera ndi chitsanzo cha paipi yodzaza matope. Mpopi uli wotseka, madzi amafika mpaka kukamwa kwake ndipo umaona ngati zonse zili bwino. Ukautsegula amangodontha. Mita imamwa magetsi ochepa zedi, ndiye ngakhale atadutsa pa kaulusi kamodzi ka waya imaonetsa 12. Solenoid ndiye imafuna mphamvu zenizeni, chifukwa iyenera kukankha kagiya ka sitata kuti kalume mano a flywheel, gudumu lolemera la injini, komanso kuyatsa switchi yaikulu yopatsira mota magetsi. Akachepa imasuntha theka la ulendo n'kuima. Tcha uja ndi ameneyo.

Nanga amathera kuti? Ulendo wake ndi wautali kuposa momwe ndinkaganizira. Magetsi amanyamuka pa sitata pomwepo, kudutsa pa fyuzi ya maampu 30, kulowa mumtolo wa mawaya, kudutsa m'mapulagi, kukwera mpaka pabolodi yomwe ili kumbuyo pafupi ndi chiwongolero, kulowa mu kiyi, kenako mu batani, n'kubwereranso njira yomweyo kudzafika pa kalilime kaja, komwe kali pafupifupi chala chimodzi kuchokera pomwe ananyamukira. Polumikiza paliponse pamatsalako pang'ono. Injini ikakhala yatsopano sizioneka. Zaka zikapita, chinyezi chikalowa, zotsalazo zimachuluka.

Tinatsata mtolowo ndi manja. Kuseri kwa injini, pafupi ndi pomwe madzi amasonkhana pansi pa boti, ndinapeza pulagi yoyera ikulendewera. Kuitsegula kunali kolimba, ndipo itatseguka munagwa ufa wobiriwira ngati wa mwala wa m'madzi. Mano awiri anali akuda, limodzi pulasitiki yake itapsa pang'ono m'mbali. Chogwirira fyuzi nachonso chinali chogwejemuka, fyuzi ikugwedera ndi chala. N'chifukwa chake vutoli linkabwera n'kupita: boti likagwedezeka, zitsulo zimakhudzana bwino, likagwedezekanso zimatayana. Ndinapinda sandipepa kukhala kakang'ono ngati kachitsotso, n'kukwecha dzino lililonse palokha, kufinya timabowo kuti tigwire zolimba, kupakapo Vaseline pang'ono, kenako n'kumangirira pulagiyo m'mwamba kutali ndi madzi. Ntchito imeneyi yokha inandidyera maola awiri, msana uli wopindika.

Titayezanso, pa kalilime panafika 10.9. Ndinabwezera kachingwe kozimitsira, ndinatsegula mpopi wa madzi, n'kudina. Inalira nthawi yomweyo, du du du, ndipo ndinasuzumira kumbuyo kuona madzi akulavulidwa mu ekizozi momwe amayenera. Tinaizimitsa n'kuilizanso kakhumi ndi kawiri. Sinakane.

Ine ndinali wokonzeka kuimbira foni ku Blantyre, koma amalume anasenda pang'ono nsonga ya waya woyera uja n'kundionetsa. Mkuwa wake unali wakuda mpaka mkati. Akuti kukwecha kwatigulira miyezi, osati zaka, ndipo mankhwala ake enieni ndi relay wamba ya galimoto, kaswitchi koyatsidwa ndi magetsi, ya miyendo inayi, yoikidwa pafupi ndi sitata. Anandijambulira pa katoni: mwendo wa 30 utenge magetsi pa bawuti yaikulu kudzera pa fyuzi, wa 87 upite ku kalilime ka solenoid ndi waya wonenepa wamfupi, wa 86 ulandire waya woyera wochokera ku batani, wa 85 upite ku earth. Zikatero waya wokalambawo ntchito yake ingokhala yodzutsa relay, yomwe imafuna magetsi ochepa kwambiri, ndipo katundu wolemera adzera njira yachidule.

Asanapite anandifunsa komwe kuli handulo. Ndinaipeza pansi pa mpando, yadzimbiri, chibwerereni sinagwiritsidwepo ntchito. Injini iyi imalizidwanso pamanja ngati ya chigayo cha dizilo. Pamwamba pake pali kachitsulo komwe ukakakweza, silinda imapuma ndipo injini imapepuka. "Chala chachikulu chikhale mbali imodzi ndi zinzake, ikabweza ingakuthyole. Pukusa mpaka flywheel ithamange yokha, usasiye, ine nditsitsa." Ulendo woyamba ndinafooka msanga, inangotsokomola. Wachiwiri chimodzimodzi. Wachitatu ndinapukusa mpaka thukuta kulowa m'maso, iwo n'kutsitsa kachitsulo, injini inagunda kamodzi, kawiri, n'kugwira. Tinabwereza mpaka nditatha kuchita zonse ndekha, dzanja limodzi pa handulo lina pa kachitsulo. Loweruka lija handulo imeneyi inali pansi pa mpando womwe ana anakhalira. Tsopano ndaipala dzimbiri, ndaipaka girisi, ndaimangira pakhoma pafupi ndi masitepe pomwe dzanja lingaipeze ngakhale mumdima.

Madzulo ndawaimbira a bwana n'kuwawerengera manambala onse momwe ndinawalembera m'kabuku ka boti. Avomera kuti za sitata yatsopano zidikire. Ndawauzanso kuti ana sindidutsa nawo pa Ilala Gap mpaka relay itaikidwa. Mawa ndikwera njinga yamoto yoyambirira kupita ku Monkey Bay kukaifuna, ikakasowa ndipitirira ku Mangochi. Katoni ya amalume ija ili m'thumba la malaya.