Mmisiri wa Pansi pa Nyumba

Nyumba yathu ku Harehills, mumzinda wa Leeds, ndi imodzi mwa zija za njerwa zofiira zogundana khoma ndi khoma, zoti woyandikana naye akayetsemula iwe n'kumupepesa. Inamangidwa kalekale anthu akuotha malasha, ndipo pansi pake pali chipinda chokumba m'nthaka chimene eni dziko amati cellar. Mayi a kunyumba kuyambira tsiku loyamba amangoti "kuselo," ati mdima wake ndi fungo lake n'chimodzimodzi kupolisi. Sindinawafunsepo kuti selo anailowa liti.

Azungu akale ankasungamo malasha mmenemo. Ife tinkasungamo chuma chenicheni: matumba awiri a ufa a makilogalamu 10, usipa umene apongozi anatitumizira kuchokera ku Nkhotakota, masutikesi opitira kumudzi, ndi bawo langa limene ndinalinyamula pamiyendo ulendo wonse kuchokera ku Lilongwe.

Lachisanu pa 20 Okutobala 2023 kunagwa chimvula cha namondwe wotchedwa Babet, tsiku lomwe lija ndege ina inatsetsereka n'kukaima pa udzu pabwalo la Leeds Bradford. Ine ndinali pa shifiti ya usiku kunyumba yosamalira okalamba. Loweruka m'mawa ndafika, maso ali psuu, mayi anangoti, "Bambo a ana, musanagone tatitapireniko ufa kuselo." Ndinatsika masitepe ndili ndi beseni m'manja, ndikuyasamula. Sitepe yomaliza sindinaipeze. Ndinangomva chubwi, kuzizira n'kufika mpaka m'mano.

Nditayatsa tochi ya pafoni ndinaona nyanja. Madzi anali m'katumba. Bawo langa linkayandama ngati bwato la ku Senga Bay, nkhomo zake zonse zitamira. Patapata wa mwana wathu ankazungulira yekha pakati. Usipa wa apongozi, umene unauma bwinobwino padzuwa la ku Nkhotakota n'kuwoloka nyanja zikuluzikulu pa ndege, unali utabwerera m'madzi.

Tinakapa madziwo ndi ndowa tsiku lonse. Ufa wonyowa ndinaukana kuutaya, ndinati uuma. Patapita masiku anayi unayamba kununkhira thobwa. Patapita sabata unadutsa thobwa n'kufika pa masese, moti mkulu wina wa khomo loyandikana nalo, mzungu wopuma pantchito amene wakhala mumsewu umenewu kuyambira ali mnyamata, anandifunsa mwaulemu ngati ndayamba kufulula.

Tinaitana mmisiri. Anagogoda makoma, ananunkhiza, kenako anafotokoza modekha. Anati khoma limene lili m'nthaka sulimbana nalo madzi ayi, umawapatsa njira. Umakuta makoma ndi chipulasitiki chokhala ndi timatuza kuti madzi azitsika kuseri kwake, umakumba kangalande kuzungulira chipinda, kangalandeko n'kumathira m'dzenje mmene muli pampu yotulutsa madzi panja. Ananenanso kuti choyamba tifufuze kumene madziwo akuchokera, koma mawu amenewo sindinawamve bwino chifukwa anali atatchula kale mtengo: £6,000.

Mmalawi aliyense wa kunja kuno ali ndi matenda amodzi, osintha mtengo uliwonse kupita ku kwacha. Ndinawerengera pamtima ndipo ndinapeza K8 miliyoni ndi kanthu. Ndikusinkhasinkhabe, mu Novembala kwacha inagwa ndi 44 peresenti. Ndinagona ndi ngongole ya K8 miliyoni m'mutu, n'kudzuka ili pa K12 miliyoni, mmisiriyo asanawonjezere ngakhale ndalama imodzi. Ndalama yomangira nyumba yonse kwathu ku Ntcheu, ya malata, khonde ndi khola la nkhuku pambali, ine ndikaipereke pa dzenje?

"Ndikonza ndekha," ndinalengeza pa chakudya chamadzulo.

Mayi anaika chipande pansi. "Inuyo?"

"Ineyo. Mwaiwala kuti ndinaumbapo njerwa ndi malume?"

"Munkatunga madzi, malume anu ndi amene ankaumba. Anandiuza okha pa chinkhoswe. Ndiponso shelefu munakhoma kubafa ija, sopo amatsetsereka yekha mpaka lero."

Sindinayankhe, mwamuna sayankha zilizonse. Usiku uliwonse okalamba akagona ndinkatsegula YouTube. Patangotha sabata imodzi ndinali nditaona makanema oposa makumi awiri, ndipo ndinkayenda ndi pensulo kukhutu ngakhale popita kukagula buledi. Maganizo anakulanso. Sindinkafunanso kungoumitsa selo, ndinkafuna bwalo la abambo: TV yoonerapo mpira, mipando, bawo pakati, makoma ofiira ndi oyera monga Maule, kuti alamu anga a Manoma azidwala akalowa.

Ndinabwereka makina oyamwa chinyontho. Amene anandibwereka anati khoma lonyowa chotero limafuna masabata ambiri. Ine ndinawapatsa masiku atatu, chifukwa mita ya magetsi inkathamanga ngati minibasi ya ku Ndirande yoona pasenjala kutsogolo. Pakhoma panali potuwa ndi zinthu zonga mchere. Mchere umenewo umatuluka m'njerwa madzi akamadutsamo, ndiye kuti khoma likukuuza poyera kuti lidakali kumwa. Ine ndinangoupukuta ndi kansanza n'kupaka penti yoletsa madzi, kawiri, mokhuthala ngati phala la mwana.

Pamwamba pa khoma la kumsewu panali njerwa ina ya mabowomabowo, yolowetsa mphepo yozizira. Ndinakandira simenti n'kuimata bwinobwino kuchokera panja. Mkulu woyandikana naye uja anaima ndi galu wake n'kundiyang'ana nthawi yaitali.

"Mnyamata wanga," anatero, ngakhale ndili ndi imvi, "nyumba izi zimafuna kupuma."

Ndinamuthokoza kwambiri, monga tinaleredwera. Mumtima ndinati kwathu nyumba ikayamba kupuma timaitana abusa kapena sing'anga.

Tsiku loika mabolodi okutira makoma ndinaitana alamu. Bolodi la plasterboard ndi lalitali mamita 2.4, m'lifupi 1.2. Masitepe a kuselo ndi opapatiza, ndipo pakati amakhota ngati msewu wokwera phiri la Zomba. Zimenezi ndinaziyeza titalowetsa kale theka la bolodi. Ine ndinali kumunsi, alamu kumtunda, bolodi pakati litakana kutsika, litakananso kubwerera.

"Alamu, kankhani!"

"Ndikukankha, alamu, inu kokani!"

"Ndikoka bwanji mwandipanikiza khosi?"

Tinakhala choncho mphindi makumi awiri. Ine ndinali mkaidi weniweni tsopano, njira yotulukira ndi yomweyo. Mayi anabwera, anasuzumira pamwamba pa bolodi, n'kufunsa ngati andipatsire tiyi pa mpata wa m'munsi monga amachitira kundende. Potsiriza tinalidula ndi mpeni wa buledi. Mabolodi onse khumi ndi awiri analowa ali zidutswa, moti khoma litatha linkaoneka ngati chitenje cha zigamba. Ndinawamata mwachindunji pakhoma lonyowa lija, n'kuwatsitsa mpaka kugunda pansi kuti pasaoneke mpata. Pansi ndinayala matabwa a laminate, othinana bwino mpaka kukhoma. Pepala la malangizo linkati ndisiye kampata m'mbali kuti matabwa akafufuma apeze kolowera. Ndinaona ngati ulesi wa azungu.

Kunena zoona, chipindacho chinakongola. Ndinajambula zithunzi n'kutumiza pa gulu la WhatsApp la kumudzi, ndipo malume anayankha kuti magazi sanama. Ndalama zonse zinali zosakwana £900. Ndinkauza aliyense wofuna kumva, ndi wosafuna yemwe.

Mwambo wotsegulira tinauika pa 27 Disembala, anthu akadali pa tchuthi cha Khirisimasi. Kunja kunali namondwe winanso, Gerrit, mvula ikugwa cham'mbali. Anabwera anthu khumi ndi anayi, ena kuchokera ku Bradford, ndi mkulu wa mpingo wathu atavala suti yotuwa. Amayi anaphika mpunga wa Kilombero, nkhuku ndi nsima. Ine ndinaima pa sitepe yachiwiri, mutu utapendekeka chifukwa denga ndi lalifupi, n'kufotokoza mmene munthu wakhama amapulumutsira £5,000.

Mkulu wa mpingo anati tiyambe ndi pemphero, ndipo iye ndi wa mapemphero ogwada. Anagwada pakati penipeni pa laminate yanga. Ndinamva kaphokoso, fyoo, ngati munthu waponda chinkhupule. Ndinatsegula diso limodzi. M'mphepete mwa thabwa munatuluka timadzi, n'kubwereranso. Mkuluyo anapempherera nyumba, anapempherera manja amene anagwira ntchito, kenako anakweza mawu kupempha kuti madalitso m'nyumba muno asefukire. Anthu anati amen. Ine ndinati amen wapansipansi, ndikupempha mumtima kuti asapitirize mbali imeneyo.

Atadzuka, suti yotuwa ija inali ndi mawondo awiri akuda bii.

Palibe ananena kanthu, Amalawi timadziwa kusunga ulemu wa mwini nyumba. Anthu anangoyamba kunyamula mapazi mmodzimmodzi ngati adokowe. Matabwa anali atayamba kutukumuka pakati, mzere uliwonse ngati mthumbira wa mbatata. Ndiye mwana wathu wamng'ono, wa zaka zisanu, anapeza chotupa pakona imene ndinangopaka penti osaika bolodi. Penti inali itafufuma ngati thuza la moto. Anaibaya ndi chala. Madzi anatumphuka molunjika ndithu, mpaka m'mbale ya nkhuku ya mlendo wa ku Bradford.

"Adadi, khoma likukodza!"

Alamu anaseka mpaka kufooka, n'kutsamira khoma lofiira la Maule. Bolodi linali litamwa madzi kuchokera pansi ngati buledi woviika mu tiyi. Chigongono chawo chinalowa, phewa linatsatira, ndipo anakhala pansi ali ndi chidutswa cha khoma langa pamutu. Pomwepo madzi anafika pa soketi ya ekisitenshoni imene ndinaisiya pansi kuseri kwa TV, magetsi a nyumba yonse n'kuthima.

Mumdimamo munamveka mawu a mayi wina wachikulire: "Koma abambo kuno mwatikonzera bwino. Mvula, matope, magetsi kuthima. Papita nthawi ndisanafike kumudzi chonchi."

Tinadyera pamasitepe ndi m'khitchini, ndi matochi a pafoni. Potsanzika mkulu wa mpingo anandigwira dzanja nthawi yaitali n'kunena kuti mvula ikakuona litsiro siikata. Mawondo ake anali akudonthabe.

M'mawa mwake mayi sanandifunse maganizo, anaimbira pulambala. Anabwera mnyamata wamng'ono, woti ndikanatha kumubereka. Kuselo anangosuzumira n'kuimba kaluzu. Kenako anatuluka kuseri kwa nyumba, kumene ine pa miyezi iwiri yonse ya umisiri wanga sindinapiteko ndi pensulo yanga.

Nyumba zakalezi zili ndi kadzenje panja, pansi pa windo la khitchini, kovundikira ndi kachitsulo ka mabowo. Paipi ya sinki imathira mmenemo, ndipo kwathu paipi ya madzi a padenga imathiranso momwemo. Kadzenjeko kanali kodzaza mpaka pakamwa. Mvula ikagwa, madzi onse a padenga ankasefukira n'kutsika m'mbali mwa khoma, molunjika kuselo. Mnyamatayo anavala gulovu yofika m'phewa, anagwada, anapisa dzanja. Anakoka, chinakana. Anatenga chitsulo n'kuyamba kugoba. Patapita nthawi anatulutsa chimbulunga chotuwa, cholimba gwa, chachikulu ngati mutu wa mwana, n'kuchiika pa simenti kuti gu.

Anati mafuta oundana amawadziwa, amawachotsa tsiku ndi tsiku, koma ichi sanachionepo. Anafunsa ngati wina anathiramo simenti kapena pulasitala.

Ine ndinachizindikira nthawi yomweyo, ndipo ndinayamba kuyang'ana mitambo.

Pakhomo pathu ntchito yotsuka poto wa nsima ndi yanga. Titangolowa m'nyumbayi mayi analamula kuti nkhoko zisamapite mu sinki, ndizizikokota n'kukataya m'bini. Koma bini ili kumapeto kwa bwalo, ndipo ku Leeds mu Januwale kumada 4 koloko, kuzizira kwake kolowa m'mafupa. Ndiye kwa zaka zitatu, usiku uliwonse, ndinkaviika poto, n'kutsegula chitseko chakuseri pang'ono, n'kukhuthulira nkhoko zonse m'kadzenje kaja, pamodzi ndi mafuta otsala a nyama. Ndinkatsukuluzanso ndi kapu imodzi ya madzi kuti pasaoneke umboni.

Mayi anawerama, anatola kamtengo, anakanda chimbulungacho. Anabenthula kachidutswa n'kukafikisa pakati pa zala. Anakanunkhiza. Kenako anaimirira pang'onopang'ono, akupukuta zala pa chitenje.

"Uwu ndi mgaiwa," anatero m'Chichewa. "Ndipo wapansiwu ndi woyera, wa chaka chija tinkagula kwa amwenye." Anatembenukira kwa ine. "Bambo a ana, pa zonse mwamanga m'nyumba muno, chagwira ndi ichi chokha."

Pulambala anafunsa kuti akuti chiyani. Ndinamuuza kuti akuti zikomo kwambiri. Anatilipiritsa £90 pa ntchito ya theka la ola, n'kutiuza kuti tichotse mabolodi onse ndi laminate, tipale penti ija, tisiye khoma liume mpaka chilimwe, ndipo wina atsegule njerwa ya mabowo imene munthu wina wosadziwa anaimata ndi simenti. Ndinavomereza kuti anthu ena ndi osadziwadi.

Njerwayo ndinakaigoba Loweruka m'mamawa kuti pasakhale mboni. Ndili pakati pogogoda ndinamva kulira kwa tcheni cha galu kumbuyo kwanga. Mkulu uja sananene chilichonse. Analowa m'nyumba mwake, n'kutulukanso ndi tchizulo chabwino kuposa changa, ndi kampando koti ndikhalire.

Chimbulunga chija mayi anakana kuchitaya. Chili pa shelefu ya kubafa, ati chiziletsa sopo kutsetsereka.