Sabata imene odwala anga anafuna kudikira mano omeranso

Sabata yathayi ku kiliniki yathu ya mano kunachuluka funso limodzi, ndipo ambiri olifunsa anali anthu amene tinawapatsa kale tsiku lodzavala mano oikirira. Pa WhatsApp pakuzungulira kanema wonena kuti asayansi a ku Japan apeza jakisoni womeretsanso mano, choncho anthu sakuona chifukwa cholipirira mano apulasitiki pamene enieni akuti ali m'njira. Kafukufukuyu ndimamutsatira ndipo ndimamulemekeza kwambiri, koma momwe uthenga wake ukufikira kwa odwala zikundidetsa nkhawa.

Lolemba kunabwera mayi wina, mphunzitsi wa pulayimale, amene mano ake akutsogolo anaguluka pa ngozi ya njinga yamoto. Chikombole cha m'kamwa mwawo tinali titatenga kale, ndipo mnzathu woumba mano anali atamaliza ntchito yake. Mayiwo anakhala pampando chikhato chili pakamwa, monga achitira anthu ambiri a magweru, nati, "Adokotala, mwana wanga wa ku Johannesburg wanditumizira kanema, akuti ndiyambe ndadikira." Ndinawapempha kuti tiuonere limodzi, kenaka ndinawafotokozera zimene kanemayo anasiya. Ntchitoyi akuitsogolera ndi Dr Katsu Takahashi wa pachipatala cha Kitano ku Osaka, pamodzi ndi kampani ya Toregem Biopharma. Gulu lawo linapeza kuti puloteni ya m'thupi yotchedwa USAG-1 imaletsa mphukira za mano kukula, ndipo mu 2021 linasonyeza kuti puloteniyo ikatsekerezedwa, mbewa zimamera mano amene zinabadwa zilibe. Mankhwala awo, TRG035, anayamba kuyesedwa pa anthu mu 2024 pachipatala cha Kyoto University, pa amuna 30 a zaka zapakati pa 30 ndi 64, ndipo cholinga cha gawo loyambali chinali kuona ngati sakuvulaza thupi. Oyamba kuganiziridwa ndi ana obadwa opanda mphukira zokwanira za mano okhazikika, ndipo chaka cha 2030 chimene chikutchulidwa kuti mankhwalawa adzayamba kupezeka ndi chiyembekezo chabe cha ofufuzawo. Mayiwo anafunsa kuti, "Ndiye ine ndiziphunzitsa ana chonchi mpaka liti?" Anavala mano awo tsiku lomwelo, ndipo anawerenga ndime ya m'nyuzipepala mokweza kuti timve ngati "s" ndi "f" zikutuluka bwino.

Lachiwiri linapita ndi ntchito ya masiku onse, yozula mano ndi kumata obooka. Madzulo ake wophunzira amene ali nafe pa maphunziro a pantchito anandifunsa chifukwa chake anthu akutchula ma stem cell, maselo otha kusanduka mitundu ina ya maselo, pa nkhani ya ku Japan, pamene mankhwalawo salowetsa maselo m'thupi koma amangodzutsa mphukira imene ilipo kale. Funsolo linali lanzeru, popeza njira ya ma stem cell ndi ina, ndipo ili ndi mbiri yakeyake. Mu 2000, Stan Gronthos ndi Songtao Shi, akugwira ntchito ku National Institutes of Health ku America, anapeza maselo otere m'mnofu wa m'kati mwa dzino, ndipo mu 2003 anapezekanso m'mano a ana amene amaguluka okha. Mu 2009, gulu la Takashi Tsuji ku Tokyo linaumba mphukira ya dzino m'labotale n'kuibzala m'nsagwada ya mbewa, ndipo dzino linamera mpaka kufika potafunira. Mu 2013, gulu la Paul Sharpe ku King's College London linasakaniza maselo a nkhama za munthu wamkulu ndi maselo a mbewa yosabadwa, n'kupeza timano tokhala ndi mizu. Pamenepo ndi pamene pagona vuto. Dzino limapangika mitundu iwiri ya maselo ikamatumizirana uthenga, ndipo mphamvu yoyambitsa uthengawo imapezeka m'maselo a mluza, osati a munthu wamkulu. Kuonjezera apo, maselo opanga chikutu cholimba chakunja kwa dzino amatha dzino likangotuluka, ndipo dzino la munthu limatenga zaka kuti likhwime, pamene la mbewa limatenga masabata.

Tsiku limene linandikhudza kwambiri ndi Lachitatu. Kunabwera bambo wina wachikulire amene anazula mano a chitsakano a m'munsi zaka zambiri zapitazo osaikamo kanthu, ndipo nayenso anali atamva za jakisoni. Nditapisa chala m'kamwa mwawo ndinapeza kuti fupa limene linkagwira mano laphwa ngati mzere wa m'munda umene wasiyidwa osakwezeredwa, kwangotsala kamtunda kopyapyala kokutidwa ndi nkhama zofewa. Dzino loyandikana ndi gwerulo linali litapendekera m'mpatamo, ndipo la m'mwamba, posowa lokumana nalo, linali litatsika mpaka kumakhudza nkhama akatseka pakamwa. Anandiuza kuti chimanga chowotcha ndi nyama anasiya kalekale, ndipo nsima amangoimeza. Ndinawaonetsa chithunzi cha X-ray n'kunena kuti, "Bambo, ngakhale dzino latsopano litabwera lero, lingamere pati?" Sindinawanamize kuti mano oikirira amaletsa fupa kuphwa, chifukwa saletsa, koma amasunga mpata, amatchinga mano ena kuti asasunthe, ndipo amam'bwezera munthu chakudya chake. Fupa limatha mofulumira kwambiri m'miyezi yoyamba dzino likachoka, choncho amene wasankha kudikira ayenera kudziwa kuti m'kamwa mwake mukusintha nthawi yonseyo.

Sindikuchepetsa ubwino wa dzino lamoyo. Ngakhale chitsulo cha titanium chokhomeredwa m'fupa, chimene Per-Ingvar Brånemark anayamba kuika mwa anthu ku Sweden mu 1965, chilibe timinyewa tija timene timamangirira muzu ku fupa n'kumuuza munthu kuti waluma mwala m'nyemba. Dzino lomeranso likadzatheka lidzakhala ndi timinyewato, ndipo n'chifukwa chake ndimafunitsitsa kuti ofufuzawa apambane.

Lachinayi ndinagwira ntchito imene ma stem cell akuthandizadi kale. Mnyamata wa zaka 9 anathyola dzino lakutsogolo pa mpira miyezi ingapo yapitayo, mnofu wa m'kati unafa, koma muzu unali usanamalize kukula ndipo nsonga yake inali yotseguka. Pa ulendo wake woyamba tinatsuka m'kati mwa muzu n'kuikamo mankhwala opha tizilombo. Tsikuli ndinalowetsa kachitsulo kopyapyala kupitirira pang'ono nsonga ya muzu mpaka magazi anakwera n'kudzaza ngalandeyo, ndinadikira kuti aundane, kenaka ndinatseka pamwamba. Magaziwo amabweretsa maselo ochokera kunsonga ya muzu, ndipo zikayenda bwino makoma a muzu amanenepa ndipo dzino limakhalabe m'kamwa. Mayi ake anafunsa ngati imeneyi ndi ija ya ku Japan, ndipo ndinawayankha kuti ayi, apa tikupulumutsa dzino limene lilipo, ndipo tidzafunika kumamujambula mwanayo miyezi ingapo iliyonse kuti tione ngati muzu ukukula.

Lachisanu ine ndi woumba mano tinayang'ana pashelefu pamene timasunga ntchito zomalizidwa, ndipo tinapeza timabokosi tingapo ta anthu amene analipira theka koma sanabwere kudzavala. Iye anandikumbutsa kuti mano oumbidwa kutengera chikombole chakale sakhalanso bwino m'kamwa pakapita miyezi, ndipo munthu amadzayenera kulipiranso kuti aumbidwe ena. Tinagwirizana kuti sabata ikubwerayi tiwaimbira foni mmodzimmodzi, ndipo aliyense wofuna kumva za kafukufuku wa ku Kyoto ndidzam'patsa nthawi yokwanira asanakhale pampando.