Anthu 1,200 angalankhulire bwanji dziko lonse?

Funso limeneli landisautsa semesita yonse, koma tsopano mtima wakhala pansi. Kalembera wa 2018 anapeza kuti tilipo oposa 17.5 miliyoni, pamene a Afrobarometer, bungwe lofufuza maganizo a anthu mu Africa, amafunsa anthu 1,200 kapena 2,400 okha n'kutiuza zomwe Amalawi akuganiza. Kwa ine zinkamveka ngati zam'maluwa.

Chinanditsegula mutu ndi chisankho cha ku America cha 1936. Magazini ya Literary Digest inalandira mayankho oposa 2 miliyoni n'kulengeza kuti apambana ndi Alf Landon. George Gallup, katswiri wofufuza maganizo a anthu, anafunsa anthu ochepa kwambiri poyerekeza, iye nati Franklin Roosevelt, ndipo Roosevelt anapambanadi kutalitali. Mayina ambiri a magaziniyo anatengedwa m'mabuku a manambala a telefoni ndi a eni magalimoto, kutanthauza anthu opeza bwino pa nthawi imene ambiri anali pa umphawi. Wogula chimanga pa msika wa Zomba sakhutira ndi chapamwamba pa thumba ngakhale atachitapa chochuluka bwanji, amapisa dzanja mpaka pansi. Nkhani yagona pa mmene ofunsidwawo anasankhidwira. Aliyense akhale ndi mwayi wosankhidwa, wa ku Chinamwali ndi wa m'mbali mwa nyanja ya Chilwa chimodzimodzi. N'chifukwa chake a Afrobarometer amatenga mapu a kalembera a National Statistical Office, yomwe likulu lake lili konkuno ku Zomba, n'kusankha madera mwamaere, kenaka nyumba, kenaka munthu m'nyumbamo, mosinthanitsa abambo ndi amayi. Akatero, nthawi zambiri yankho la anthu 1,200 silisiyana ndi la dziko lonse kupitirira pafupifupi 3 pa 100. Mapologalamu oimba foni pa wailesi kapena mavoti a pa Facebook sangatero, ngakhale ayankhe anthu zikwizikwi, poti kalembera wa 2018 anapeza kuti 84 mwa anthu 100 alionse amakhala kumudzi ndipo oimbawo amadzisankha okha.

Anzanga, gulani nyemba zofiira ndi zoyera, muziwerenge, musakanize m'jumbo, mutape osayang'ana, mulembe, mubwezere, mutapenso. Mudzaona nokha zotsatira zikuzungulira pafupi ndi nambala yeniyeni. Ine ndikuti palibe buku loposa njira imeneyi, ndipo phunziro la kasankhidwe ka anthu ofunsidwa liyenera kumayambira pomwepa. Chimandiwawa n'chakuti m'kalasi anatiyambira ndi fomula pa bolodi, tikopere, mawa mutu wina. Ukakweza dzanja akuti nthawi yatha, mayeso ali pafupi. Masabata onse aja tinangoloweza zinthu zomwe jumbo ya nyemba ikanatifotokozera madzulo amodzi.

Pomwe ndikadali kakasi ndi pa maganizo enieniwo. Elisabeth Noelle-Neumann, katswiri wa ku Germany wofufuza maganizo a anthu, analemba mu 1974 kuti munthu akaona ngati maganizo ake ndi a ochepa amakhala chete, ndipo chetecho chimakulirakulira. Kuno tinaziona: anthu ankavina pa misonkhano ya chipani chimodzi, koma pa riferendamu ya pa 14 June 1993, ali okha m'kachipinda, oposa 60 mwa 100 alionse anasankha zipani zambiri. Ndiye mlendo akafika pakhomo ndi mafunso, mwina amfumu atamulandira kale, agogo amanena zakukhosi kapena zoti mlendo apite bwino? Afrobarometer imafunsa kumapeto kuti mukuganiza kuti watituma ndani, ndipo ena amayankha kuti boma. Masamu a maere ndawakhulupirira. Koma nyemba siziopa munthu, ndipo sindinapezebe poyika mantha mu fomula ija.